Malasha a m'Dziko Lopanda Mitengo

Kumpoto kwa dziko la Norway, pakati pa nyanja yozizira imene Azungu aicha Arctic, kuli zisumbu zochedwa Svalbard, ndipo cacikulu mwa izo dzina lace ndi Spitsbergen. Zisumbu zonse pamodzi kukula kwace kuli ngati cigawo ca Copperbelt kuciwirikiza kawiri, koma anthu okhalako ali pafupi 3,000 okha. Mudzi wao waukulu, wochedwa Longyearbyen, uli pa mtunda wa mamailosi 800 ndi pang'ono kucokera ku North Pole, ndiko kunsonga kweni kweni kwa dziko lapansi. Kumeneko dzuwa likalowa kumapeto a mwezi wa October silionekanso kufikira pakati pa February. Ndipo kuyambira ca pa 20 April kufikira kumapeto a August silibisika konse, usiku ungokhala ngati usana.

Madzi oundana aphimba gawo loposa theka la zisumbuzo. Nthaka ndi youma gwa ndi cisanu kufikira mafiti mazana ambiri pansi, ingosungunuka pamwamba pokha m'masabata ocepa a cirimwe. Mtengo woti munthu apumule pamthunzi pace kulibe. Timitengo timene timamerako ntokwawa pansi ngati kapinga, sitipitirira kutalika kwa cala. Alenje akale amene anagona nyengo ya mdima kumeneko anasonkha moto ndi zipika zimene nyanja imalabvula pagombe, zocokera ku mitsinje ya ku Siberia.

Koma m'mapiri a dziko lopanda mitengo limeneli muli malasha ambiri, ndipo anthu anawakumba zaka zoposa 100. Amene anagwirapo nchito pa ng'anjo zosungunulira mkuwa ku Nkana ndi ku Mufulira, kapena pa sitima zonyamula katundu kucokera ku Hwange, malasha awadziwa bwino. Ambiri adziwanso kuti malasha ndi mitengo ndi zomera zina zimene zinagwera m'zithaphwi kalekale, nizikwiririka ndi matope ndi mcenga zisanaole, nizipanikizika pansi kufikira zitasanduka mwala wakuda woyaka. Pamene pali malasha panali nkhalango. Nanga nkhalango inamera bwanji m'dziko la cisanu cotere, kumene dzuwa lisowa miyezi inai? Anthu anzeru anabvutika ndi funso limeneli zaka 100, ndipo yankho lace analipeza m'miyala momwemo.

ANTHU OYAMBA KUFIKAKO

Zisumbuzi zinalibe eni ace okhalamo. M'caka ca 1596 mtsogoleri wa ngalawa wa ku Holland, Willem Barentsz, pofunafuna njira ya kumpoto yopitira ku China, anaona mapiri osongoka akutuluka m'nyanja, nacha dzikolo Spitsbergen, ndiko kunena kuti mapiri a nsonga zakuthwa. Pambuyo pace panabwera osaka anamgumi a ku England ndi a ku Holland, ofuna mafuta. Mmodzi wa iwo, Mngelezi dzina lace Jonas Poole, anatola malasha pagombe la Kings Bay m'caka ca 1610, nawaponya pamoto, ndipo anayaka bwino. Koma masiku amenewo mtima wa anthu unali pa anamgumi, ndipo malashawo anakhala osakhudzidwa zaka pafupi 300.

M'caka ca 1899 mwini ngalawa wa ku Norway, Søren Zachariassen, anadzaza ngalawa yace ndi malasha a ku Spitsbergen, nakawagulitsa kwao. Ameneyo ndiye anatsegula njira. M'caka ca 1906 munthu wacuma wa ku America, John Munro Longyear, anayamba mgodi woyamba waukulu, ndipo mudzi umene unamangidwa pafupi nao ukali kuchedwa ndi dzina lace. Kampani ya ku Norway yochedwa Store Norske inagula migodiyo m'caka ca 1916. Pangano limene maiko anasaina ku Paris m'caka ca 1920 linapereka zisumbuzo m'manja mwa Norway, koma linalolanso anthu a maiko onse osainawo kukumba miyala kumeneko. Ndico cifukwa cace anthu a ku Russia anakhala ndi migodi yao ku Pyramiden ndi ku Barentsburg.

Nchito ya kumeneko inasiyana ndi ya ku migodi ya mkuwa. Wa ku Mufulira atsika m'kheji mafiti zikwi, ndipo m'mene atsikira thukuta licurukira-curukira. Wa ku Longyearbyen anali kukwera phiri, pakuti mizere ya malasha inagona copingasa m'kati mwa mapiri, pamwamba pa cigwa. Ndipo m'katimo munali mozizira kotero kuti madzi anali kuundana. Mizere ina inali yosafika mafiti atatu kucindikala kwace, ndipo munthu anagwira nchito cogona camimba tsiku lonse. Pfumbi la malasha ndi mpweya woyaka zinali adani ao aakulu. M'mwezi wa January 1920 mgodi woyamba wa ku Longyearbyen unaphulika, nufa amuna 26. Pa 5 November 1962 mgodi wa ku Kings Bay unaphulikanso, nufa amuna 21, ndipo mlandu wa ngoziyo unagwetsa boma la Norway caka cotsatira.

MASAMBA M'KATI MWA MWALA

Migodi isanayambe, anthu ophunzira anali atayamba kale kudabwa ndi miyala ya kumeneko. Kuyambira m'caka ca 1858 akatswiri a ku Sweden, makamaka Otto Torell ndi Adolf Erik Nordenskiöld, anapanga maulendo angapo a ku Spitsbergen. Poswa miyala ya m'mapiri anapeza m'kati mwace masamba a mitengo, otambalala ngati cikhato ca munthu, ena oposa pamenepo, mitsempha yace yonse ikuoneka bwino ngati tsamba lagwa dzulo. Miyalayo inatumizidwa ku mzinda wa Zürich kwa Oswald Heer, katswiri wa zomera zakale, amene anaifotokoza m'mabuku asanu ndi awiri ochedwa Flora fossilis arctica, otuluka pakati pa 1868 ndi 1883. Heer anatsimikiza kuti kumpoto kumene tsopano kuli cisanu cokha kunali nkhalango za mitengo ikuluikulu. Za cimene cinacititsa, akatswiri anatsutsana zaka zambiri.

M'caka ca 1912 katswiri wa za nyengo wa ku Germany, Alfred Wegener, ananena mau amene anzace ambiri anawaseka. Iye anati maiko sakhala malo amodzi, koma amayenda pang'ono pang'ono pamwamba pa dziko lapansi, ndi kuti kale onse anali ophatikana. Spitsbergen unali umodzi wa maumboni ace: ngati zomera za kotentha zipezeka kozizira, kapena dzikolo linali kwina pamene zomerazo zinali moyo. Wegener anafera pa madzi oundana a ku Greenland m'caka ca 1930 anthu asanamkhulupirire. Koma m'zaka za m'ma 1960, anthu atayesa pansi pa nyanja zazikulu ndi makina atsopano, kunaoneka kuti ananena zoona. Khungu la dziko ndi logawikana m'zidutswa zazikulu, ndipo zidutswazo zisuntha inchi imodzi kapena ziwiri pa caka, monga umo cimakulira cikhadabo ca munthu.

Kawerengedwe ka miyala nkosabvuta kukamva. Mcenga ndi matope zimene madzi anyamula zimakhazikika pansi, zina pamwamba pa zinzace, ngati mphasa zoyalidwa mosanjikiza. Ya pansi ndiyo inayamba kuyalidwa, ya pamwamba ndiyo yatsopano. Mwala uli wonse usunga cizindikiro ca malo amene unapangikira, kaya m'mtsinje, kaya m'cipululu, kaya pansi pa nyanja. Zaka zace aziwerenga ndi timiyala tokhala ndi uranium, pakuti uranium usanduka mtobvu pa liwiro lodziwika losasintha. Tinthu ta citsulo ta m'mwala tisunganso mbali imene kunali kumpoto pa nthawi imene mwalawo unauma, ndipo potero adziwa kumene dziko linali. Ku Svalbard nchito imeneyi ipepuka cifukwa kulibe nkhalango kapena dothi lobisa matanthwe. Mapiri ali poyera, mizere yace ioneka munthu ali m'ngalawa. Pa malo ochedwa Festningen miyala inapindika niimirira ciriri, kotero kuti woyenda mamailosi owerengeka m'mbali mwa gombe adutsa mbiri ya zaka zoposa mamiliyoni 200.

KUYAMBIRA PANSI KUNKA PAMWAMBA

Pakati pa miyala yakale kwambiri ya kumpoto ca kum'mawa kwa Svalbard pali mtundu wina wodabwitsa: matope ouma okhala ndi miyala yaikulu ndi yaing'ono yosakanizika cisawawa, ina yokandika-kandika. Mtsinje sucita cotero, pakuti madzi amasankha, miyala yolemera kwina, mcenga kwina. Cosiya miyala motero ndi madzi oundana oyenda, amene akokolola zonse ndi kuzitaya pamodzi akasungunuka. Katswiri wa ku Cambridge, Brian Harland, amene anayenda ku Svalbard kawiri kawiri kuyambira m'caka ca 1938, anaona kuti miyala yotere ya msinkhu wofanana ipezeka pafupi m'maiko onse. M'caka ca 1964 analemba kuti inalipo nthawi imene madzi oundana anafika ngakhale ku maiko a pafupi ndi Equator, mzere wongoganizira umene udula dziko pakati, kumene dzuwa litentha koposa. Tsopano kwadziwika kuti izi zinacitika kawiri, pakati pa zaka mamiliyoni 720 ndi 635 zapitazo. Umboni wina wa nkhaniyi uli pansi pa mapazi a anthu a ku migodi ya mkuwa: pamwamba pa miyala yokhala ndi mkuwa ya ku Zambia ndi ku Katanga pali mzere umene akatswiri aucha Grand Conglomérat, ndipo unasiyidwa ndi madzi oundana a nthawi zomwezo.

Pamwamba pa miyala yakaleyo pali miyala ya mcenga yofiira, ya zaka ngati mamiliyoni 400, yopangika m'mitsinje ya dziko lotentha. M'menemo muli tinsomba topanda nsagwada, tokhala ndi mitu yokutidwa ndi pfupa ngati cikopa. Katswiri wa ku Sweden, Erik Stensiö, anatha zaka akupala timitu timeneti ndi singano ndi kutipera pang'ono pang'ono, kufikira anaona malo a ubongo ndi tinjira ta mitsempha ya nsomba imene inafa dziko lisanaone nyama ya miyendo inai. Buku lace linatuluka m'caka ca 1927. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

M'caka ca 2015 akatswiri awiri a ku Britain, Chris Berry ndi John Marshall, anafotokoza za nkhalango imene anaipeza m'cigwa cina pafupi ndi Pyramiden, zitsa zace zikali ciimire pamalo pamene zinamera zaka mamiliyoni 380 zapitazo. Iri m'gulu la nkhalango zoyamba za dziko lapansi. Mitengo yace inatalika mafiti ngati 13, inamera mothithikana, mpata wa mainchi asanu ndi atatu okha pakati pa mtengo ndi unzace, ndipo makungwa ace anali ndi timabala tandondomeko pamene panali masamba. Inalibe maluwa kapena zipatso. Abale ace amene atsala lero ndi tizomera tating'ono tokwawa m'malo a cinyontho. Pa nthawi imeneyo Svalbard inali pa Equator peni peni. Kucokera pamenepo kufikira pamene iri lero pali mamailosi oposa 5,000, ndipo munthu akagawa mtundawo ndi zakazo apeza pafupi inchi imodzi pa caka. Pang'ono pang'ono ndi mtolo.

Zithaphwi za kotentha zimene zinatsatira ndizo zinasiya malasha a ku Pyramiden, amene anakumbidwa kufikira m'caka ca 1998. Pamene dzikolo linasunthira kumpoto pang'ono linalowa m'dera louma, lofanana ndi kumene kuli cipululu ca Sahara lero. Nyanja yosaya inalimiza, ndipo m'madzi ofundawo munaswana nkhono ndi tizamoyo tomanga miyala ya laimu. M'malo ena madzi anali kuphwa ndi dzuwa, nasiya mizere yoyera ya mwala wochedwa gypsum, monga mcere utsalira m'mphika madzi akauma. Mizere yoyerayo ioneka lero m'mapiri, pakati pa madzi oundana.

Pa nthawi yomweyo, zaka mamiliyoni 300 zapitazo, zinthu zinali mosemphana kumwera kwa Africa. Dera limeneli linali pafupi ndi South Pole, litakwiririka ndi madzi oundana, ndipo mikwingwirima imene anakanda pa matanthwe ikali kuoneka pafupi ndi Kimberley. Atasungunuka madziwo panabuka zithaphwi ndi nkhalango, ndipo ndizo zinasanduka malasha a ku Hwange ndi a ku Maamba. Comweco dziko limene lero lipsa ndi dzuwa la October linali la cisanu, ndipo limene lero liri la cisanu linali kupsa ndi dzuwa.

ZIROMBO ZA M'NYANJA NDI ZA PAMTUNDA

Kwa zaka mamiliyoni ambiri pambuyo pace Svalbard inali pansi pa nyanja, ikusunthabe kunka kumpoto. Pansi pa nyanjayo panali matope akuda osowa mpweya, ndipo nyama ikafa ndi kumira m'menemo mapfupa ace sanali kumwazika. Pakati pa 2004 ndi 2012 gulu lotsogozedwa ndi Jørn Hurum wa ku Oslo linakumba m'matope ouma amenewa, m'masabata owerengeka a cirimwe pamene nthaka ifewa, mfuti ziri pafupi cifukwa ca zimbalangondo zoyera zimene zimayendayenda kumeneko. Anafukula mitembo makumi angapo ya nyama za mtundu wa abuluzi zokhala m'nyanja, za zaka ngati mamiliyoni 150. Zina zinaumbika ngati nsomba, zina zinali ndi makosi atali ngati njoka. Coopsa mwa zonse anacicha Pliosaurus funkei m'caka ca 2012. Cinatalika mafiti pakati pa 33 ndi 42, mutu wokha woposa msinkhu wa munthu wamtali, ndipo cinasambira ndi zipsepse zinai zazikulu. Ng'ona ya mu Luangwa, ngakhale yaikulu kopambana, sikadafika utali wace.

Nyanja itaphwa panatuluka mtunda wa mitsinje ndi madambo. M'caka ca 1960 katswiri wa ku France, Albert de Lapparent, ali pa ulendo ndi anzace ku Festningen, anaona pa thanthwe loimirira mapazi a zala zitatu, phazi liri lonse loposa mafiti awiri. Anali mapazi a dinosaur yodya zomera, imene inaponda pa mcenga wonyowa zaka ngati mamiliyoni 125 zapitazo. Anthu anadabwa kwambiri, pakuti masiku amenewo anayesa kuti nyama zimenezi zinakhala kotentha kokha. Caka cotsatira anthu anabwerako naumba zifaniziro za mapaziwo, ndipo anacita bwino kufulumira, pakuti pambuyo pace mafunde anagumula thanthwelo niligwera m'nyanja.

NKHALANGO YA MU MDIMA

Malasha a ku Longyearbyen ndi a ku Barentsburg ndi atsopano powayerekeza ndi a ku Pyramiden. Zaka zace ndi ngati mamiliyoni 60, ndipo masamba amene Heer anawaona ndi a m'miyala ya nthawi yomweyo ndi ya pamwamba pace pang'ono. Apa yankho la Wegener lokha silikwana, pakuti pa nthawiyo Svalbard inali itafika kale kumpoto kwambiri, kumene nyengo ina usiku utalika kopitirira. Yankho laciwiri ndi lakuti dziko lonse lapansi linali lofunda kuposa lero. Mumlengalenga munali mpweya wambiri wochedwa carbon dioxide, umene usunga kutentha kwa dzuwa monga bulangeti lisunga kutentha kwa thupi, ndipo kunsonga zonse ziwiri za dziko kunalibe madzi oundana okhalitsa. Umboni suli ku Svalbard kokha. Pa cisumbu ca Ellesmere, kumpoto kweni kweni kwa Canada, akatswiri anapeza m'zaka za m'ma 1970 mapfupa a nyama za mtundu wa ng'ona ndi a akamba, za zaka ngati mamiliyoni 50.

Mitengo ya m'nkhalango imeneyo inadziwa kupirira mdima. Inali kukula msanga m'miyezi imene dzuwa silibisika, ndipo mdima ukayandikira inali kuyoyola masamba ndi kugona. Umodzi wa mitengo yocuruka kumeneko uli ndi mbiri yace. M'caka ca 1941 katswiri wa ku Japan, Shigeru Miki, anaona m'miyala nthambi za mtengo wa masamba ang'ono ang'ono okhala awiri awiri moyang'anana, naucha Metasequoia, poyesa kuti mtundu wace unatha kalekale. Zaka zowerengeka zitapita, anthu oyang'anira nkhalango anaupeza uli moyo m'cigwa cina ca pakati pa dziko la China, ndipo nkhaniyo inalengezedwa m'caka ca 1948. Pofananiza, kunaoneka kuti nthambi zambiri za m'miyala ya kumpoto, zimene Heer anazipatsa maina ena, zinali za mtengo womwewo. Lero Metasequoia ubzalidwa m'minda ya maluwa m'maiko ambiri, ndipo uyoyolabe masamba nyengo yozizira ikafika.

Za nyama zimene zinakhala m'nkhalangoyo sizinadziwike kufikira m'mwezi wa December 2006, ndipo anaulula ndi anthu a mumgodi. Amuna awiri ogwira nchito m'mgodi wochedwa Gruve 7, ndiko kuti mgodi wacisanu ndi ciwiri, atacotsa malasha anaunika kudenga monga acita wa mumgodi ali yense wosamala moyo wace. Anaona zotupa zozungulira ziri pa mzere, cina kumanja, cina kumanzere, zokhala ndi zala ndi zikhadabo. Sanaziswe, koma anakanena, ndipo akatswiri anabwera. Anali mapazi ooneka ca kunsi. Nyama inayenda pamwamba pa cithaphwi, mapazi ace nalowa m'zinyalala zofewa. Kenaka madzi anadzaza maenjewo ndi mcenga. Zinyalala zinasanduka malasha, mcenga unasanduka mwala, ndipo malasha atacotsedwa mapaziwo anatsala akulendewera kudenga.

Nyamayo inali ya mtundu wochedwa pantodont, yoyamwitsa ana, yodya zomera, yaikulu ngati ng'ombe yaing'ono. Mapfupa a abale ace apezeka ku North America. Inafika bwanji pa cisumbu ca pakati pa nyanja? Inayenda pansi, pakuti masiku amenewo Svalbard inali yophatikana ndi Greenland, ndipo Greenland inali yoyandikana ndi America. Mapaziwo anawapatsa dzina lakuti Thulitheripus svalbardii m'caka ca 2010. Si koyamba kuti anthu a mumgodi apatse anthu ophunzira cinthu ca mtengo wapatali cotere: cibade ca munthu wakalekale cimene cinachukitsa Broken Hill, kumene tsopano ndi ku Kabwe, cinafukulidwa ndi okumba mtobvu m'caka ca 1921. Katswiri aona mwala wa kunja kwa phiri, koma wa mumgodi ndiye ayamba kuona za m'kati.

CISANU, NDI ZIMENE ZIRI KUCITIKA TSOPANO

Pambuyo pa nthawi ya nkhalango, Greenland ndi Svalbard zinakhulana posiyana, ndipo kukhulanako ndiko kunapinda miyala ya ku Festningen ndi kukweza mapiri osongoka amene Barentsz anawaona. Nyanja yakuya inatseguka pakati pao. Mpweya wosunga kutentha unacepa pang'ono pang'ono, dziko linazirala, ndipo m'zaka mamiliyoni atatu otsiriza madzi oundana anaphimba zisumbuzo kambiri, nasema zigwa zimene zirimo lero. Cisanu cimene anthu aciyesa cikhalire ca kumeneko ndi mlendo wofika dzulo poyerekeza ndi msinkhu wa miyala.

Tsono yankho la funso lija liri pawiri. Nkhalango zoyamba zinamera cifukwa dzikolo linali kotentha, lisanayende ulendo wace wautali. Nkhalango zotsiriza zinamera cifukwa dziko lonse linali lotentha. Yankho laciwirili ndilo lidetsa nkhawa akatswiri a masiku ano, pakuti mpweya umene mitengo yakale inakoka mumlengalenga ndi kuutsekera pansi, anthu aubwezera kumwamba potentha malasha ndi mafuta. Svalbard iri pakati pa malo amene afunda msanga koposa pa dziko lonse. Pakati pa 1971 ndi 2017 kutentha kwa kumeneko kunakwera ndi madigiri ngati anai pa muyeso wa Celsius. Pa 25 July 2020 ku Longyearbyen kunatentha kufikira madigiri 21.7, cimene cinali cisanalembedwepo, ndipo masiku omwewo madzi osungunuka pamwamba pa phiri analowa m'mgodi wa Gruve 7 naimitsa nchito miyezi ingapo. Kusintha kumene miyala ionetsa kunatenga zaka zikwi ndi mamiliyoni, ndipo zamoyo zinali ndi nthawi yosamuka kapena kuzolowera. Kwa tsopanoku kwaoneka m'moyo wa munthu mmodzi.

Nyumba ya magetsi ya ku Longyearbyen inaleka kutentha malasha m'caka ca 2023. M'caka ca 2025 Gruve 7, mgodi wotsiriza wa anthu a ku Norway, unatsekedwa, nutsala wa ku Barentsburg wokha. Mudzi umene unamangidwa cifukwa ca malasha tsopano udalira alendo odzaona dziko ndi sukulu ya ukacenjede yophunzitsa za maiko ozizira. Anthu a m'matauni a migodi kuli konse adziwa kulemera kwa tsiku limene cipata ca mgodi citsekedwa kotsiriza, ndipo a kumeneko analiona tsiku limenelo patapita zaka 119 ciyambire Longyear.

Kumtunda kwa mudziwo kuli mtsinje wa madzi oundana wochedwa Longyearbreen, umene ubwerera m'mbuyo caka ndi caka, nusiya miulu ya miyala imene unagumula m'mapiri. M'cirimwe ophunzira ndi alendo akwera kumeneko ndi tinyundo. Aswa mwala wotuwa, ndipo m'kati mwace apeza tsamba lotambalala, la mtengo umene unayoyola masamba ace poyembekeza mdima zaka mamiliyoni 50 zapitazo.